Tisamadikire kuti dzino liyambe lapweteka

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mano, ine ndataya dzino lomwe likanapulumuka. Kadontho kakuda ndinakaona kalekale pagalasi koma poti sikamapweteka ndinkangoti ndipita mwezi wamawa, mwezi wamawawo mpaka zaka ziwiri. Tsiku lomwe ndinapita tsaya linali litatupa, usiku onse osagona, mapilitsi osagwiranso ntchito, adokotala anangoyang'ana n'kunena kuti apa kumata sikuthekanso tizule basi.

Ambirife chimatinamiza n'choti dzino likamabowoka limayamba mwakachetechete, chikuto chakunja chija chilibe mitsempha ndiye sumva kanthu, ululu weniweni umabwera bowo likalowa mkati. Pamenepo ntchito yakula kale ndipo ndalama zomwe timathawa zija zimachulukanso.

Kwinako ndi mantha. Jakisoni wa m'nkhama, kaphokoso ka makina aja, kukhala chiyasamire munthu akukusuzumira mkamwa. Komatu jakisoniyo ndi wochititsa dzanzi, ine ndinangomva kukankha. Ena ndi manyazi, amaopa kuti adokotala awakalipira kuti simutsuka mkamwa, ndiye amangokhala ngakhale magazi akutuluka akamatsuka, chonsecho chimenecho n'chizindikiro cha matenda a nkhama, ndipo zolimba zachikasu zomata m'mphepete mwa mano mswachi sungachotse.

Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a mkamwa. Chonde madokotala a mano, wobwera mochedwa muzimulandira bwino, mukamukalipira sabweranso.

Wowerenga wanu wodandaula