Kalata kwa Mwana Wanga Amene Akuphunzitsa Fomu 4

Wokondedwa mwana wanga,

Azakhali ako abwera kuchokera kumeneko ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndasankha kukulembera kalata m'malo mokuimbira foni, chifukwa pa foni umandiseketsa mpaka ndimaiwala chimene ndimafuna kukudzudzulira. Akuti wayamba kugulitsa timapepala ta chifupikitso cha mabuku a Chichewa kwa ana ako a Fomu 4, ndipo akuti ena mwa iwo afika teremu yachiwiri asanatsegule buku n'limodzi lomwe, poti aphunzitsi awo anawalembera kale mayina a apangankhani, mfundo zazikulu ndi mayankho oti aloweze. Ngati azakhali ako awonjezera mchere, undikhululukire. Koma ngati n'zoona, ndalama imeneyo sindikuifuna pakhomo pano, ngakhale itabwera ngati shuga kapena sopo.

Ndikudziwa kuti malipiro amachedwa, kuti nyumba ukukhalayo ndi ya lendi, ndiponso kuti pa CDSS ngati yakoyo buku limodzi amalimbirana ana ambirimbiri. Ine ndinkaphunzitsa m'kalasi mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo, choncho za kuchepa kwa mabuku usandiuze ngati mlendo. Chimene chikundiwawa n'chakuti kuchepa kwa mabukuko iwe wakusandutsa msika. Mwana amene makolo ake alibe ndalama ya kapepala kako ndiye atani? Ndipo amene wagulayo wapindulanji, popeza nzimbe watafuna ndiwe, iye n'kumupatsa zotsalira?

Kumbukira mmene agogo ako ankachitira madzulo. Akati "Padangokhala," inu n'kuyankha "Tili tonse," sankathamangira kukuuzani phunziro la nthanoyo. Ankaima pakati n'kufunsa kuti, "Nanga kalulu wanameranji pamenepa?" Iwe unali woyamba kutsutsana ndi achimwene ako, mpaka tsiku lina unalira pokana kuti fisi analakwa, ukuti inali njala chabe. Agogo ako sanadziwe kulemba dzina lawo, koma ndiwo anakuphunzitsa kuzukuta nkhani, ndipo sanakulipiritse.

Tsono chita chomwecho m'kalasi mwako. Ngati mabuku ndi ochepa, ana akhale m'magulu, mmodzi awerenge mokweza ena akumvetsera, ndipo buku lizizungulira kuti ndi amanyazi omwe alawe mawu ndi pakamwa pawo. Akatha ndime, atseke buku, afotokoze m'mawu awoawo zimene zachitika, ndani wachita, kuti, liti. Kumeneko ndiye kumvetsa nkhani, ndipo usakudumphe chifukwa chothamangira silabasi, pakuti mwana amene sanamve kuti wayankhula ndani sangakuuze chifukwa chimene wayankhulira. Akamvetsa, ndiye uyambe mafunso ovuta aja, oti chifukwa chiyani, nanga akadapanda kutero bwenzi zitatha bwanji. Mwana akayankha, usafulumire kunena kuti wakhoza kapena walakwa. Umufunse kuti, "Wazipeza pati? Tiwonetse mzere wake." Funso limenelo ulibwereze mpaka atope nalo, chifukwa maganizo opanda umboni wa m'buku ndi miseche chabe, ndipo amene wazolowera kuloza mzere sasowanso kapepala ka munthu.

Tenga Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara lija la mu 1933, lomwe bambo ako analisunga m'sutikesi mpaka chikuto chinathothoka. Pa kapepala kako ndikukhulupirira walemba kuti Nthondo anali mwana wosamvera ndi wakuba amene pambuyo pake anatembenuka mtima. Zimenezo n'zoona, koma mwana akaloweza mzere umenewo watsala ndi chiyani choti aganize? Afunse ana ako kuti khalidwe lakelo linachokera kwa iye mwini kapena kwa amene anamulera, ndipo uwasiye akangane. Uwauzenso kuti Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, kenaka uwafunse ngati zimenezo zikuoneka m'mene nkhaniyo yathera, ndiponso m'mene miyambo ya makolo yafotokozedwera. Ena adzati mlembi anakondera mpingo, ena adzati anangolemba zimene ankaona m'midzi ya nthawi yake. Onsewo uwalandire malinga aloze tsamba. Iwenso unene maganizo ako, koma pomalizira, osati poyamba, chifukwa mphunzitsi akayamba kuyankhula kalasi yonse imangovomera.

Ndakatulo ndiye usayerekeze n'komwe kuifupikitsa. Iwerengedwe mokweza kawiri kapena katatu musanayambe kusaka zifanifani ndi zining'a, kuti ana amve pamene mawu abwerezedwa ndi pamene mpweya wathera. Uwakumbutse kuti woyankhula m'ndakatulo si mlembi nthawi zonse. Mwamuna akhoza kulemba ngati mayi wamasiye. Ndaona ana ambiri amene amatchula chipangizo chilichonse cha ndakatulo ndi dzina lake, koma ukawafunsa kuti woyankhulayo wakondwa kapena wakwiya, amangoyang'ana kudenga.

Mwina ukuti zonsezi n'zabwino koma makolo akufuna ana akhoze MSCE. Inenso ndikufuna akhoze. Koma a MANEB sadzafunsa motsata kapepala kako. Adzatembenuza funso, adzati perekani zifukwa, adzati fotokozani ndi zitsanzo, ndipo woloweza uja adzangokhala akuluma cholembera. Choopsa n'chakuti mwana amene wazolowera kugula mayankho kwa aphunzitsi saona chachilendo kulowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, ndipo akagwidwa n'kufunsidwa kumene anaphunzira zimenezi, dzina lotchulidwa lidzakhala lako. Ndalama, mwana wanga, ndalama. Lero ndi kapepala, mawa udzayamba kusiya dala mitu ina m'kalasi kuti ukaiphunzitse madzulo kwa olipira okha, ndipo sudzazindikira tsiku limene wayambira kuwerenga ana ngati makasitomala. Ndinagwirapo ntchito ndi mphunzitsi wina amene anayamba chimodzimodzi, munthu wanzeru kuposa tonsefe, ndipo anatsiriza akuzemba makolo pamsika.

Usaganize kuti ndaiwala mmene unavutikira ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, kapena kuti sindinyadira ndikamva anthu akukutchula kuti aphunzitsi. Ndimanyadira kwambiri, mwina mopitirira muyeso, ndipo amayi a kumpingo atopa nane. N'chifukwa chake nkhaniyi yandipweteka chotere. Iwe uli ndi mawu abwino owerengera, ngati a bambo ako, oti ndi mwana waulesi yemwe amatchera khutu. Agwiritse ntchito. Ndipo atsikana okhala kumbuyo aja, amene sakweza mkono, uziwatchula mayina ndi kuwadikira ayankhe, ngakhale kalasi ikhale chete kwa kanthawi.

Ngati vuto ndi lendi, undiuze poyera. Mtedza wa chaka chino sindinagulitse wonse, ndipo mbuzi ziwiri zija n'zako kale. Amene anagula timapepalato uwabwezere ndalama zawo, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo zotsalazo usagawenso. Mabuku a bambo ako ndawamanga m'katoni. Mlongo wako akubweretsera Loweruka likubwerali pa minibasi ya m'mawa, ndiye ukamudikire pa siteji chifukwa katoniyo ndi yolemera. Undiyankhe ndi kalata, osati ndi foni.

Ndine amayi ako.