A FAM musathamangire kuchotsa makochi, taonani zomwe zidachitika ku Maule

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo zampira kudzera mu nyuzi yanuyi. Ndiyambe ndanena kuti ine ndi wa Noma (Mighty Wanderers) wa m'magazi, ndiye anthu asaganize kuti ndikuchemerera Maule (Nyasa Big Bullets) chifukwa chowakonda, ayi ndithu, zimandiwawa. Koma chilungamo chioneke basi.

Ife a Noma titatenga ligi mu 2017, Bullets idatenga chikho cha TNM Super League kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo zikho zonsezi idazitenga kochi wake ali Kalisto Pasuwa. Mu 2023 adafika posesa zonse zinayi, ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Munthu yemweyu ku Zimbabwe adawinanso ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014. Masapota ena m'ma minibasi amangoti ndi juju, ena akuti ndi ndalama za Nyasa, koma abale ndalama matimu ena alinazonso ndipo juju ikanakhala imawinitsa ligi bwenzi matimu akumudzi kwathu akusewera CAF.

Chomwe ine ndidaona nchakuti timu ija sinkadalira munthu mmodzi. Pleya wodziwika akagulitsidwa kapena akavulala mumangoona kamnyamata kena kochokera ku Reserve kalowa ndipo mpira wake ndi womwewo, mapasi omwewo, ngati palibe chasintha. Zidafika poti mu 2022 fainolo ya FDH Bank Cup idali ya Bullets ndi Bullets Reserve, tate ndi mwana wake, ife ena tikuonera pa TV. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma adakulira momwemo mpaka TP Mazembe ya ku DRC kudzawatenga. Izi sizichitika mwangozi, zimatheka pomwe kochi wamkulu, omuthandizira, aku Reserve, adokotala a timu ndi akuluakulu a muofesi akumvana chimodzi komanso aliyense akupatsidwa mpata wogwira ntchito yake osamulowelera.

Umboni wina womwe umandigwira mtima ndi wa Peter Mponda. Adakhala wothandizira Pasuwa kwa zaka, kenako adapita ku Silver Strikers nkukawina ligi mu 2024, kulanda chikho m'manja mwa abwana ake akale omwewo. Mtsogoleri woopa kuphunzitsa wachiwiri wake poti angadzamulande mpando sangatulutse munthu ngati ameneyu. Ndipo matendawa m'maofesi athu muno ndi ochuluka, bwana akapita ku maliro sabata imodzi zonse zimaima chifukwa makiyi, pasiwedi ndi nzeru zonse adapita nazo m'thumba.

Tsopano tiyang'ane Flames. Mu January 2022 ku AFCON ya ku Cameroon anyamata adachinya Zimbabwe 2-1, kulepherana ndi Senegal 0-0, Senegal yomwe idadzatenga chikhocho, nkufika mu ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu. Tonse timakumbukira chigoli cha Gabadinho chomwe adamwetsa Morocco chakutali chija. Koma amene adaonera bwino akudziwa kuti mphamvu ya timu ija idali umodzi, anyamata ambiri adakhala limodzi nthawi yaitali pansi pa Meck Mwase ndipo amadziwana. M'malo momanga pamaziko amenewo tidayamba kusinthasintha, Mwase uyo wapita, Mario Marinica wagwira pang'ono wapita, Patrick Mabedi nayenso sadakhalitse, kenako nkumupatsa Pasuwa. Kochi aliyense akabwera amabwera ndi mapleya ake, kaseweredwe kake, omuthandizira ake, tiyambirenso pa ziro. Ndiye tikaluza tizidabwa?

Pempho langa kwa a FAM ndi lakuti kochi mukamupatsa ntchito mupatseninso zomwe zimapangitsa timu kukhala timu. Asankhe yekha omuthandizira, Under 17 ndi Under 20 zizisewera mpira wofanana ndi wa akuluakulu kuti mwana akakwera asakasowe poyambira, ma alawansi azifika nthawi yake osati anyamata azidandaula ali mu kampu, komanso pakatha gemu iliyonse, tawina kapena taluza, azikhala pansi onse nkuonera vidiyo kuona pomwe palakwika popanda kulozana zala. Zotsatira zake muziyeza pa zaka zitatu kapena zinayi, osati gemu imodzi ya Lachiwiri masana.

Nafenso masapota tichepetseko phuma. Timu ikaluza kawiri tayamba kale kutukwana pa Facebook, kuimba mafoni pa wailesi kuti kochi achoke, enanso mpaka kukatchinga basi ya timu pa geti la sitediyamu. Akuluakulu a matimu amachita mantha ndi phokoso lathuli nkuchotsa munthu yemwe amayamba kumene kumanga zinthu. Ku Noma kwathu konkuno ndikunenanso, akuluakulu amve.

Sapota wa Noma,
Chilomoni, Blantyre