Akhala nafe zaka zoposa 30 koma alibe chiphaso cha unzika: ayambire pati?

Bambo Mlangizi,

Ndikulemba m'malo mwa komiti ya chitukuko ya mudzi wina kuno ku Namwera, m'boma la Mangochi, kufupi ndi chipata cha Chiponde. Nkhani yake ndi ya anthu ochokera ku Mozambique amene akalambira kuno ndipo tsopano akufuna unzika wa Malawi.

Ambiri ndi abambo amene anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo m'zaka za m'ma 1980. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anzawo anabwerera kwawo, iwo n'kutsala chifukwa anali atakwatira kuno chikamwini. Ena anangowoloka kuchokera ku Mandimba kudzakwatira, monga zakhalira kuyambira kale pakati pa Ayao a mbali zonse ziwiri za malire. Njerwa za sukulu amaumba nafe, manda amakumba nafe, chopereka cha mzikiti amasonkha. Mpaka mu 2017 panalibe wowafunsa kuti kwanu n'kuti.

Chinasintha zinthu ndi kalembera wa chaka chimenecho wa NRB, nthambi ya boma yolembetsa anthu ndi kupereka ziphaso. Chiphaso cha unzika chimapatsidwa kwa Mmalawi wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo lero chikufunika paliponse: pogula feteleza wotsika mtengo, polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki. Mayi wa pakhomo akakhala moyo vutoli limabisika, pakuti zonse zimalembedwa m'dzina lake. Akamwalira m'pamene limaonekera. Dzina la banjalo limachoka pa mndandanda wa feteleza, ndipo munda, poti ndi wa mbumba ya mkazi, achibale akhoza kuutenga n'kumuuza mkamwini kuti abwerere kwawo, kumene anachoka ali mnyamata. Kulembetsa malo m'dzina lake sangathe, chifukwa lamulo la malo a m'midzi la 2016 limapereka mwayi umenewu kwa nzika.

Za foni n'zazing'ono koma zimapweteka. Bambo amagwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa ndi chiphaso cha mwana wake, mwanayo n'kupita ku Joni kukasaka ganyu. Simu ikatayika kapena nambala yachinsinsi ikatsekeka, a kampani ya foni amafuna mwini dzina abwere ndi chiphaso chake. Ndalama zomwe mwana yemweyo watumiza zimangokhala mmenemo, bambo ake akugona ndi njala. Choncho tisanamizane kuti anthuwa akufuna unzika chifukwa cha mbendera kapena nyimbo ya fuko. Akufuna feteleza, munda ndi nambala ya foni yawoyawo, ndipo ife sitikuona cholakwika pamenepo.

Njira yachidule imene ena amatsata ndi yopempha kalata kwa amfumu, n'kupeza mboni zonena kuti munthuyo anabadwira m'mudzi momwemo. Komiti yathu imakana zimenezi. Kunama polembetsa ndi mlandu, ndipo umakola amfumu ndi mboni zomwe. Komanso bodzalo limadzaululika ana akamafuna pasipoti, mapepala awo akamasemphana ndi a bambo wawo pa malo obadwira.

Zomwe tikudziwa za lamulo la unzika la 1966 ndi izi. Kubadwira m'Malawi pakokha sikupereka unzika; pamafunika kuti kholo limodzi likhale nzika. Ndiye ana a mayi wa kuno ndi Amalawi, palibe kukaika. Ovutika ndi ana amene makolo awo onse awiri ndi a ku Mozambique: anabadwira kuno, anaphunzira kuno, koma alibe pepala la dziko lililonse. Tikudziwanso kuti mlendo akhoza kupempha unzika atakhala m'dziko muno zaka 7, ndipo wochokera m'maiko a Commonwealth zaka 5. Mozambique inalowa m'bungweli mu 1995. Wopemphayo ayenera kukhala wa mbiri yabwino ndi wodziwa Chingerezi kapena chinenero cha kuno. Pempholo limadzera ku Immigration, koma womaliza kuvomereza ndi nduna.

Pomwe patikanika ndi pa mapepala oyambira. Wopempha amayenera kusonyeza pasipoti ya kwawo ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno. Ngakhale chiphaso cha alendo cha NRB chimafuna zomwezo. Anthu athuwa alibe chilichonse; makhadi olandirira ufa ndi nyemba a nthawi ya nkhondo anadyedwa ndi chiswe kalekale. Kodi zaka 30 zokhala popanda chilolezo zimawerengedwa pa zaka 5 zija, kapena kuwerenga kumayamba tsiku lomwe munthu walandira chilolezo? Nanga ayambe wapita ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukatenga pasipoti, pamene alibe ngakhale kalata yobadwira ya kwawo?

China chimene chikutidabwitsa n'chakuti lamulo lili ndi njira yoti mkazi wachilendo wokwatiwa ndi Mmalawi alembetse unzika, koma mwamuna wachilendo wokwatira Mmalawi sititamupezera njira yotero. Kuno kwathu wobwera pabanja ndi mwamuna. Kodi mbali imeneyi inakonzedwa pamene aphungu anavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018? Ndipo wolandira unzika wa Malawi ayenerabe kukana wa Mozambique?

Tiuzeninso ndalama zake zonse, kuyambira fomu, kalata ya ku polisi, mpaka chilolezo chokhazikika. Awa ndi alimi a chimanga ndi nandolo. Ngati mtengo wake ukuposa zokolola za zaka zingapo, ndi bwino tiwauziretu asanagulitse mbuzi.

Chachikulu ndi mantha. Anthu anaona mmene othawa kwawo anasonkhanitsidwira m'matauni kupita nawo ku kampu ya Dzaleka mu 2023, ndipo akuopa kuti akakadzionetsa okha akamangidwa kapena kukatulidwa pa Chiponde. Kodi komiti ikhoza kulemba maina awo n'kukapereka pempho limodzi kudzera kwa bwanamkubwa, kapena mndandanda umenewo udzakhala umboni wowagwirira? Sitilemba dzina la munthu aliyense mpaka titamva yankho lanu.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya chitukuko,
Namwera, Mangochi