Aliir Aliir sadafike pamwamba ndi msinkhu wokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani yanu ya anyamata ochokera ku Africa amene akusewera mpira wa ku Australia. Masewerowo mudawatcha rugby, ndipo mudalemba ngati Aliir Aliir adangotola mwayi chifukwa ndi wamtali. Zonse ziwirizi zifunika kuwongola, makamaka kuno ku Angónia kumene mwana akangotalika timamuponya pagolo osamuphunzitsa kanthu.

Mpirawu si rugby. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, lotalika mamita 135 mpaka 185, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu 18. Kumapeto kulikonse kuli mitengo inayi: kumenyera pakati pa iwiri yapakati ndi mapointi 6, cham'mbali ndi 1. Lamulo limene ladyetsa Aliir ndi lija amati mark. Ukawakha mpira womenyedwa ndi phazi, umene wauluka mamita 15 osagunda pansi kapena kukhudzidwa ndi wina, palibenso wokugwira, umamenya mwaufulu.

Aliir adabadwa mu 1994 ku kampu ya othawa nkhondo ya Kakuma ku Kenya, makolo ake ndi a ku South Sudan. Atakulira ku Australia, timu ya Sydney Swans idamusankha pa chisankho cha osewera atsopano kumapeto kwa 2013, ndipo osewera 43 adatengedwa iye asanatchulidwe. Akadakhala kuti msinkhu ndiwo zonse, bwenzi atalowa m'timu yaikulu chaka chotsatira. Koma adakhala 2014 ndi 2015 m'timu yachiwiri, nayamba kusewera mu AFL, ligi yaikulu ya masewerowa, mu 2016. Chaka chomwecho adavulala bondo kutangotsala masewero amodzi, a fainolo, ndipo fainoloyo, imene Sydney idagonja kwa Western Bulldogs, adaionera kunja. Adasamukira ku timu ya Port Adelaide kumapeto kwa 2020, ndipo mu 2021 ndi pamene adalowa m'gulu la All-Australian, la osewera opambana onse a chakacho. Kuchoka posankhidwa kufika apa ndi zaka 8.

Nanga zaka zonsezo amaphunzira chiyani? Ntchito yake ndi yotchinga kumbuyo, koma mbiri yake yagona pa kulanda mpira m'mwamba usadafike kwa amene waumenyeredwa. Wotchinga wamba amamatirira munthu wake. Wolanda amayang'ana womenya: m'mene wagwirira mpira, kumene chiuno chaloza, ndi ngati akumenya ali pa mpanipani. Akaona kuti mpira upita m'mwamba ndi kuchedwa kutsika, amasiya munthu wake nathamangira pamene ugwere. Amadumpha ndi mwendo umodzi, bondo linalo lili m'mwamba kuteteza nthiti, manja atatambasuka kutsogolo kwa nkhope, zala zotanyula, zala zazikulu zitayandikana kumbuyo kwa mpira. Amaugwira pamwamba penipeni pa kudumphako, osati kudikira kuti utsikire pachifuwa.

Zolakwika zake n'zodziwika. Akanyamuka msanga, womenya amamuona nasintha, ndipo munthu amene wasiyidwa uja amawakha ali yekha pafupi ndi mitengo, mapointi 6 apita. Akaima pansi penipeni pa mpira amadumpha wopanda liwiro, ndiye wochokera kumbuyo amamukwera. Zala zazikulu zikatalikirana mpira umapyola pakati pa manja. Ndipo ngati wachedwa, mdani ali kutsogolo kwake, asayese n'komwe kuwakha: aukhome ndi chibakera upite cha kumzere. Kusankha pakati pa kuwakha ndi kukhoma ndiko kumatenga zaka, osati kudumphako.

Sindikunena kuti tiyambe masewerowa ku Ulongwe kapena ku Tsangano. Mabwalo athu a mpira wamiyendo ndi aang'ono kwa iwo, ndipo mwana wa kuno maloto ake ali pa ligi yathu ya Moçambola ndi matimu ngati União Desportiva do Songo. Koma onani m'mene magoloboyi athu amavutikira ndi makona. Amatuluka mochedwa, amadikira mpira pachifuwa, ndipo amafuna kuwakha pamene akadakhoma. Ndi matenda omwewo.

Aphunzitsi a m'sukulu angachite izi ndi mpira umodzi wokha. Goloboyi aime kumbuyo kwa anzake awiri, mmodzi womulondera, wina womusokoneza. Mphunzitsi amenye mpira wam'mwamba kuchokera pa mamita 20, mwina kufupikitsa, mwina kupyoletsa, osamuuza. Mwanayo asadanyamuke afuule kuti awakha kapena akhoma, ndipo muzimuwerengera kasankhidwe kolondola, ngakhale mpira utamupulumuka. M'chilimwe, pamene bwalo lauma gwa, yambani mwathirira kapena kuwaza mchenga pamalo otererapo, chifukwa wodumpha ndi mwendo umodzi akatera molakwa chimayamba kuvulala ndi bondo.

Mphunzitsi wa masewero,
Ulongwe, Angónia