Kalata kwa Amayi ku Santhe

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko. Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha mu June chafika poti madzi a pampopi amaluma zala m'mawa.

Achimwene andiuza pa foni kuti msana wayambanso kukuvutani, moti tsiku lina munalephera kuwongoka mutatha kuomola nsima. Inu simukanandiuza, ndimakudziwani. Chisomo akuwerengereni kalatayi pang'onopang'ono.

Ntchito yanga mu lesitilanti muno ndi ya kukhitchini: kutsuka mapoto, kusenda mbatata ya kachewere, kutsitsa matumba m'galimoto, tsiku lonse chiimire pa simenti. Msana unandipweteka nanenso, ndipo chimene ndaona n'chakuti chimapha msana ndi kuwerama nthawi yaitali, osati kulemera kwa katundu kokha. Sinki yathu ndi yakuya, ndiye ndimavundikira kreti mkatimo n'kuikapo beseni kuti mbale zikwere m'mwamba. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene ndimagwira naye ntchito anandiphunzitsanso kuponda njerwa ndi phazi limodzi ndikaima malo amodzi, kenako kusintha phazi. Ndinkaseka, koma m'chiuno mumapepukadi.

Tsono taganizani za inu. Mafuwa ali pansi, mumavundula nsima ya banja lonse chiweramire, miyendo ili chiwongokere. Mukachoka apo mukatsuka mbale pansi, kenako kusesa pabwalo ndi tsache lalifupi. Msana upuma nthawi yanji? Ndatumiza ndalama pa Mukuru. Achimwene agule chitetezo mbaula, amange kansanja kolimba ka njerwa n'kuikapo mbaulayo, kuti mthiko muzigwira mutaimirira bwinobwino. Ndikudziwa mudzati nsima ya pa mafuwa ndiyo imapsa bwino. Chabwino, mafuwawo asachotsedwe, koma pamenepo muzikhala pa kampando pafupi ndi poto, osaphika chowerama. Thandala alikweze lifike m'chiuno mwanu, beseni muziika pomwepo potsuka. Tsache alimangirire ku ndodo yaitali, ngakhale anzanu akuseke.

Za kunyamula ndiye ndanenetsa. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo inu mumaidzutsa nokha ku mjigo kufika nayo pamutu. Kuno silinda ya gasi ya makilogalamu 48 palibe amaigwira yekha, ngakhale anyamata amphamvu. Ponyamula poto wamkulu pindani mawondo, muyandikitse katunduyo kuthupi, mudzuke ndi mphamvu ya miyendo, ndipo musapotokole chiuno mutanyamula. Madzi azitunga ana.

Msana ukayamba kupweteka, nyikani kansalu m'madzi otentha pang'ono, mufinye, Chisomo akuthowereni m'chiuno madzulo. Pogona, gonani cham'mbali mutaika pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo. Kugona pamphasa tsiku lonse kumaumitsa msana, bola kuyendayenda pabwalo pang'onopang'ono. Panado mungathe kumwa. Bulufeni wa pa golosale uja musiyeni, chifukwa inu muli ndi zilonda za m'mimba ndipo amazitukusira. Za mphini zimene azakhali amakonda kunena, chonde ayi.

Koma mukamva dzanzi m'miyendo, mwendo ukufooka, mkodzo ukutuluka wokha, kapena mukutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, musadikire kuti ndiimbe foni. Tsiku lomwelo pitani ku chipatala cha pa Santhe, akakutumizani ku boma ku Kasungu mupite ndithu, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Ya thiransipoti ili pa ndalama zomwezo, achimwene aipatule asanagule njerwa.

Kodi fodya wa amalume analowa ku okushoni ya ku Chinkhoma? Mundiuze mmene mitengo yayendera chaka chino. Moni kwa agogo, alamu ndi ana onse. Chisomo andijambulire kansanjako akamanga, anditumizire pa WhatsApp.

Ndine mwana wanu,
Nabanda