Anyamata athu akungovulaza agologolo ndi mfuti za mapeleti

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi. Ine ndimakhala ku Mufakose konkuno ku Harare, makolo anachokera ku Dedza, ndipo ntchito yanga kwa zaka zambiri ndi ya m'gadeni ku mayadi. Nkhani yanga ndi ya anyamata athu ndi mfuti zija za mpweya zoombera mapeleti.

Sabata yathayi ndikuthirira maluwa ndinapeza gologolo pansi pa mtengo wa mapeyala akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo yokha, yakumbuyo itafa kale, peleti itamuthyola msana. Nyerere zinali zitayamba kumulowa m'maso koma iye akupumabe. Ndinamumaliza ndekha ndi mpini wa khasu, ndipo tsiku limenelo nsima sinalowe. Amene anamuombera ndi anyamata awiri a nyumba yoyandikana, mmodzi ndi mdzukulu wa mnzanga wa kutchalitchi, nde nditawafunsa akuti, agogo, ku England anthu amapanga chonchi, onani pa foni. Zoonadi anandionetsa mavidiyo a pa YouTube, azungu akuombera agologolo otuwa m'nkhalango.

Ine ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito pa famu ku England konko ndipo nkhani imeneyi takhala tikuikamba pa WhatsApp, nde anyamatawo ndinawakhazika pansi. Choyamba, gologolo wa m'mavidiyoyo si wathu uja ayi. Wa m'mavidiyoyo ndi wotuwa, wamkulu, amalemera cha m'ma 500 magalamu pamene wathu wa m'tchire muno ndi kakang'ono ka cha m'ma 200 basi. Wotuwayo kwawo ndi ku North America, anthu ndi amene anamutengera ku Britain cha m'ma 1870 ngati chokongoletsera minda ya anthu olemera, kenako anaswana mpaka kudzaza dziko. Amasenda makungwa a mitengo mpaka kuuma, amalowa m'madenga n'kumatafuna mawaya a magetsi, komanso amanyamula matenda a squirrelpox omwe iye samupweteka koma amapha gologolo wofiira amene ndi mwini dziko kumeneko. Ndichifukwa chake lamulo lawo limati wotuwayo ukamugwira pa msampha usamumasulenso. Ngakhale ku Cape Town aliko, anawapititsa ndi Cecil Rhodes yemwe uja anaikidwa ku Matopos, cha m'ma 1900. Koma wathuyu palibe anamubweretsa, tinamupeza, ndipo walakwa chani kupatula kuluma peyala limodzi kapena awiri?

Komabe sindikufuna kunama, ine si munthu woti nyama isaphedwe. Ndakula ndikukumba mbewa, ndatchera madiwa, legeni ndinali nayo, ndipo makoswe akalowa mu chimanga ndimapha osaganizanso kawiri. Chimene chikundiwawa ndi kaphedwe. Kwathu mwana akamaphunzira kuzinga nkhuku choyamba amamuuza kuti nola mpeni, ukazinga ndi mpeni wobuntha agogo amakukalipira pomwepo, ndipo abale athu achisilamu pa nkhani imeneyi ndiye sanyengerera n'komwe. Nanga mfuti ikusiyana pati?

Zimene mavidiyo aja saonetsa ndi zimene munthuyo wachita asanaombe. Mfuti za mpweya zilibe mphamvu ngati mfuti zenizeni, ku England ndi Wales imene munthu angakhale nayo popanda laisensi siyenera kupitirira 12 ft-lb (muyeso wa mphamvu ya mfuti), ndiye peleti yake kaya ndi ya saizi ya .177 kaya .22 siipha ndi mphamvu, imapha pokhapokha yalowa malo oyenera. Malowo ndi m'mutu, cham'mbali, pakati pa diso ndi khutu pamene pali ubongo, kadera kongofanana ndi kakobidi. Gologolo ndi kanyama kolimba zedi, ukakalasa m'mimba kapena pa ntchafu kamathawa n'kukafera kuphanga patapita masiku, ukaphonya pang'ono n'kumenya chibwano kamafa ndi njala chifukwa sikangathenso kutafuna. Nde anthu odziwa amayamba kaye aombera pa katoni, kukonza sikopu (galasi loonera pa mfuti) mpaka mapeleti onse azigwera pamodzi, ndipo sapitirira mtunda umene akudziwa kuti saphonya, ambiri amathera cha m'ma 25 kapena 30 mita. Amaika kabokosi ka mtedza kapena chimanga pa mtengo kuti nyama ikhale phee ikudya, iwo atakhala pansi mfuti ataitsamiritsa, kuseri kwa bokosilo kuli thabwa lochindikala kapena dothi loti peleti ikathere pamenepo. Nyama ikamathamanga saomba. Mutu ukabisika ndi masamba saomba, amangoisiya ipite.

Akaomba amalongamo peleti ina nthawi yomweyo n'kupita kukaona. Kuphiriphitha kwa miyendo kwa kanthawi kochepa kumachitika ngakhale ubongo utafa kale, ngati mmene imachitira nkhuku yozingidwa, koma ngati ikupuma, ikuphethira ukaikhudza pa diso kapena ikuyesa kudzuka, ndiye kuti ili moyo, umaomba kachiwiri m'mutu uli pafupi osadikira. Apa ndi pamene anyamata athu akulakwitsa kwambiri, amaombera m'mwamba mu mtengo ali chiimire, kanyama kakagwa kuseri kwa mpanda iwo ali basi tapha, n'kumapita. Ndipo peleti imene yaphonya ija ikukagwera kuti? M'mayadi muno muli ana akusewera, muli amayi akuyanika zovala.

Palinso za misampha ya khola ija. Ena akagwira khoswe kapena gologolo amangomiza khola lonse mu diramu la madzi poganiza kuti ndi njira yachifundo chifukwa magazi saoneka. Si yachifundo, nyama imalimbana ndi madzi nthawi yaitali ndithu. Ku England mu 2010 bambo wina anafika mpaka kukhoti n'kulipitsidwa ndalama chifukwa chomiza gologolo wotuwa yemweyo, nyama yoti boma lenilenilo likufuna ichepe. Kuno nakonso tili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, Prevention of Cruelty to Animals Act, ndipo a SPCA, bungwe loteteza nyama, alipo mu Harare muno. Chinanso ukapha yaikazi yoyamwitsa dziwa kuti waphanso ana ali m'chisa, koma iwowo afa pang'onopang'ono.

Pempho langa likupita kwa makolo anzanga, makamaka inu amene muli ku Joni ndi ku UK mumatumizira ana mfuti zimenezi ngati mphatso. Musangotumiza basi, funsani kuti akuombera chani ndipo pali wamkulu ndani pambali pake. Anyamata awiri aja ndagwirizana ndi makolo awo kuti Loweruka lililonse azibwera, ndajambula kakobidi pa katoni n'kuika patsogolo pa mulu wa mchenga. Ndawauza kuti mpaka mapeleti 10 alowe onse mkati mwa kamzereko asalozenso chamoyo chilichonse, ndipo zikadzatheka tidzayambira makoswe a kukhola la nkhuku, agologolo a mu mtengo wa mapeyala awasiye.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose, Harare