Apongozi akuti tichotse chikhakha cha mwana

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Masabata atatu apitawo amuna anga, omwe amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, anaterereka pamatope atanyamula mwana wathu wa zaka 7 popita kusukulu. Onse awiri anathyoka, koma mosiyana.

Bambo akewo fupa la msongolo linaboola khungu n'kutulukira kunja. Ndinaliona ndi maso angawa, loyera mbee, buluku ili magazi okhaokha. Adokotala anati kuthyoka kotere n'koopsa chifukwa tizilombo timalowera pabala mpaka kukafika m'fupa. Anawachita opaleshoni, n'kuwamanga zitsulo zoonekera kunja kwa mwendo. Za iwowa palibe akutsutsa.

Mkangano uli pa mwanayu. Iye anavulala mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Atamujambula X-ray anatiuza kuti fupa silinadukiretu, linangopindika n'kung'aluka mbali imodzi, monga imachitira nthambi yaiwisi ya gwafa ukaipinda. Akuti zimachitika kawirikawiri kwa ana poti mafupa awo sanakhwime. Anamuika chikhakha, n'kutipatsa tsiku lobwereranso.

Tsono apongozi anga, omwe abwera kuchokera kumudzi kudzatithandiza, akuti ngati fupa silinaduke ndiye chikhakha n'chachiyani? Akufuna tichiviike m'madzi tichichotse, mwana apite kwa sing'anga akamuteme mphini ndi kumumanga timitengo. Akuti mchimwene wawo anachira choncho. Mwananso akuwonjezera moto: usiku amalira kuti mkati mukuyabwa, ndipo dzulo ndinamupeza akulowetsamo kamtengo ka tsache kuti adzikande. Zala akugwedeza bwinobwino, sizinatupe, koma kamtengoko kandiopsa.

Ine mtima wanga ukukana. Mng'alu ndi kuthyoka ndithu, ndipo ndikuopa kuti mkono ungapole chokhota. Koma mayiwa ndi amene akutidyetsa panopa, ufa ndi nyemba abwera nazo okha, ndipo amuna anga ali chigonere, sakufuna kuwayankha mayi awo.

Ndithandizeni. Kodi mng'alu wotere umatenga nthawi yaitali bwanji kuti ugwirane, ndipo chingachitike n'chiyani chikhakha chikachotsedwa msanga? Nanga kuyabwaku ndikuthetse bwanji osalowetsamo kanthu? Komanso ndiwauze mawu otani apongozi kuti asaone ngati ndawanyoza?

Mayi wodandaula,
Chibavi, Mzuzu